Funsani Mlangizi: Kodi alovera ndi ombwe n'zokwanira pa ziweto zanga?

FUNSO: Ndine mayi wa ku Mitundu, ndimaweta nkhuku zachikuda ndi mbuzi zochepa. Apongozi anga amandiuza kuti chitopa chikamveka ndizithira alovera ndi tsabola m'madzi akumwa a nkhuku, ndipo mbuzi ndizisambitsa ndi ombwe. Nkhupakupa zimayoyokadi, koma chilimwe chathachi nkhuku zambiri zinafa ngakhale ndinachita zonsezo. Kodi ndisiye mankhwala achikudawa?

YANKHO: Mayi, musawasiye onse, pakuti pa nkhani ya mbuzi apongozi anuwo akunena zoona. Masamba a ombwe ali ndi poizoni wotchedwa rotenone amene amapha nkhupakupa ndi nsabwe. Sinjani masamba aawisi, muwaviike m'madzi usiku wonse, m'mawa musefe ndi kansalu, kenaka mutsuke mbuzi bwinobwino, makamaka m'makutu, kunsi kwa mchira, ku bere ndi pakati pa ziboda, chifukwa ndi m'malo obisikawa momwe nkhupakupa zimakakamira, osati pamsana pamene ambiri amangowaza n'kuchokapo. Mphamvu ya ombwe siichedwa kutha ukaombedwa ndi dzuwa, choncho m'nyengo ya dzinja muyenera kubwereza sabata iliyonse. Samalani kuti madziwo asalowe m'maso kapena m'kamwa mwa mbuzi, musasambitse nawo nkhumba, ndipo otsala musakawataye kumtsinje kapena padambo, popeza ombwe yemweyu ndi amene ena amaphera nsomba.

Za chitopa ndiye ndikuyankhani mosapita m'mbali: palibe tsamba, khungwa kapena muzu umene umachiza matendawa, ndipo ngakhale mankhwala a m'sitolo sachiza. Chitopa chimayamba ndi kachilombo ka vayirasi, ndipo nkhuku ikafika pogwetsa mapiko ngati yavala jekete, kutsegula m'mimba zobiriwira ndi kupinda khosi, madzi a alovera sangaibweze. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti pa mliri uliwonse pamakhala nkhuku zingapo zopulumuka mwa mphamvu ya thupi lawo, tsono ulemu umapita kwa tsabola pamene zomwe zafa palibe amaziwerenga.

Chitetezo chenicheni ndi katemera wa I-2, amene amapangidwa konkuno ku Lilongwe, ku labotale yaikulu ya za ziweto yotchedwa Central Veterinary Laboratory. Ubwino wake ndi wakuti amapirira kutentha kuposa akatemera ena, motero amafika m'midzi yopanda furiji, ngakhale kuti safunika kumuika padzuwa. Nkhuku iliyonse, kaya ndi tambala kaya kamwanapiye, imalandira dontho limodzi m'diso pakatha miyezi inayi iliyonse. Katemerayu ndi wa nkhuku zabwinobwino, choncho musadikire kumva kuti kwa aneba zayamba kugwa. Kaonaneni ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu nyengo yotentha isanafike. Ambiri amadandaula za mtengo, komatu dontholo ndi lotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi thadzi limodzi la pamsika wa Mitundu.

Chitopa chikalowa, patulani zodwala, zakufa muzikwirire mozama kapena kuzitentha, ndipo musathamangire kukagulitsa zotsalazo pamsika, chifukwa ndi njira imeneyi imene matendawa amadumphira mudzi wina. Nkhuku yogula kapena yopatsidwa kuchinkhoswe muziitsekera payokha kwa masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake.