Nkhuku Zikapita Kogona Dzuwa Likadali M'mwamba

Adzukulu anga a ku Lifuwu, mwandifunsa ngati n'zoona kuti kadamsana akachitika, nkhuku n'kupita kogona masanasana, ndiye kuti pamudzi pagwa malodza kapena wina wachita zamatsenga. Ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso angawa.

Pa 21 June 2001, cha m'ma 3 koloko masana, ndinali pakhonde ndikusoka ukonde. Ku Lusaka kunada bii, koma kuno ku Salima dzuwa linatsala kachidutswa, ngati mwezi wongooneka kumene. Kunja kunachita chizirezire, kamphepo kozizira n'kuyamba. Mpheta zimene zinkasokosera kuminda ya mpunga zinangoti zii. Njiwa nazo zinaleka kulira. Thadzi lathu lakuda linaitana anapiye ake n'kuwafungatira pansi pa nkhokwe, nkhuku zina zikusuzumira mumtengo wa mango momwe zinkagona. Kutayamba kuwalanso, tambala anakupiza mapiko n'kulira ngati m'bandakucha.

Mbalame ilibe wotchi, ana inu. Imayendera kuwala. Mwezi ukadutsa pakati pa dzuwa ndi dziko, mthunzi wake umatigwera, ndiye nkhuku imayesa kuti kwada. Akatswiri a zakuthambo amadziwiratu tsiku lake kudakali zaka zambiri.

Chimene chimandiwawa mumtima mpaka lero ndi ichi. Tsiku limenelo kadzidzi analira pafupi ndi nyumba ya gogo wina wamasiye, anyamata n'kuyamba kumuloza chala kuti ndi mfiti. Chonsecho kadzidziyo ankangoyesa kuti nthawi yosaka mbewa yakwana. Gogo uja anatha masiku osapita kumjigo chifukwa cha manyazi, madzi tinkachita kumutungira. Zimenezo musadzachitire munthu. Ndipo wachikulire akamanjenjemera ndi kadamsana musamuseke ayi. Khalani naye pamphasa, mumufotokozere mwaulemu zimene mwaphunzira kusukulu.

Tsono za maso. Musadzayang'ane dzuwa, ngakhale litatsala pang'ono bwanji, chifukwa limawotcha m'kati mwa diso munthu osamva kuwawa. Zoonera m'beseni la madzi kapena pagalasi lodetsedwa ndi utsi n'zosateteza. Ang'ono anu muwasunge pafupi. Mukawatengere pansi pa mtengo wa masamba ambiri, muyang'ane padothi. Timadontho ta kuwala todutsa m'masambamo timasanduka timiyezi tating'onoting'ono tambirimbiri. Mukatero mutchere khutu, muone kuti iyambe kuliranso ndi mbalame iti.