Tifunseni: Chikwangwani cha LED chiwale bwanji usiku?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndili ndi kagolosale kuno ku Leicester, m'dziko la England, ndipo ndikufuna kukhoma chikwangwani cha LED pakhoma la panja, chija chimasinthasintha uthenga. Ogulitsa akuti chimawala mpaka ma nit 6,000 ndipo palibe vuto. Kodi ndingokhoma? Mayi wa ku Leicester

YANKHO: Mayi, musalipire kaye. Ku England kuli malamulo a mu 2007 oyang'anira zotsatsa malonda, ndipo chikwangwani chapanja chosintha zithunzi kawirikawiri chimafuna chilolezo cha khonsolo. Khonsolo imayang'ana zinthu ziwiri zokha: maonekedwe a dera ndi chitetezo cha anthu pamsewu. Yankho limayenera kubwera pasanathe milungu 8, ndipo chilolezo nthawi zambiri chimakhala cha zaka 5. Kukhoma popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo chindapusa chake chimafika £2,500, kuwonjezapo £250 tsiku lililonse mukapitiriza khoti litagamula kale.

Ma nit 6,000 amenewo ndi a masana, pamene chikwangwani chikulimbana ndi dzuwa. Nit imodzi ndi kandela imodzi (muyezo wa mphamvu ya kuwala) pa sikweya mita. Malamulo omwewo, pa zikwangwani zowala zimene zimaloledwa popanda kupempha, amaika malire a makandela 600 pa sikweya mita ngati malo owalawo sapitirira masikweya mita 10, ndi 300 ngati apitirira. Makhonsolo ambiri amalembanso 300 ya usiku pa zilolezo za LED, ndi kuti chithunzi chikhale masekondi osachepera 10, chosayenda, chosaphethira. Tsono werengerani: 300 pa 6,000 ndi 5 peresenti yokha. Funsani ogulitsawo ngati makina awo amatha kutsika mpaka pamenepo mitundu osaonongeka, chifukwa zotchipa zambiri zikatsika chonchi nkhope za anthu zimada ndipo pamaoneka mizeremizere. Akulembereni zimenezi papepala.

Chimene chimatsitsa kuwala ndi kasensa kamene kamamva kuwala kwa kunja, ndipo mavuto ambiri amayambira apa. Kakayang'anizana ndi getsi la mumsewu kamaganiza kuti kukadali masana, chikwangwani n'kumawala ndi mphamvu zonse pakati pa usiku. Kakakhala kunsi kwa denga kapena kakadzala fumbi kamaganiza kuti kwada, ndiye masana uthenga suoneka. Kaikeni pamwamba poyera, kosayang'ana chikwangwanicho, ndipo muzikapukuta. Mu kompyuta yake muikenso ndondomeko ya maola, kuti sensa ikafa kuwala kutsikebe madzulo. Kumeneko dzuwa la mu December limalowa cha m'ma 4 koloko pomwe mu June limapitirira 9 koloko, choncho ola limodzi lokhazikika chaka chonse silingathandize.

FUNSO: Ndimayendetsa minibasi mu Lilongwe. Pali chikwangwani china chimene usiku chimandithobwa m'maso moti woyenda pansi sindimuona bwino. Kodi pali njira yoyezera kuti chanyanya? Bambo wa ku Lilongwe

YANKHO: Ilipo, Bambo, ndipo dandaulo lanu ndi lomveka. Diso likaona chowala kwambiri limatenga kanthawi kuti lizolowerenso mdima, ndipo kanthawi kameneko galimoto ikuyendabe.

Njira yosavuta ndi imene mizinda yambiri ya ku America inalemba m'malamulo ake: chikwangwani chisawonjezere kuwala kopitirira 0.3 foot-candle pa kuwala kumene kulipo kale pamalopo. Pamenepo ndi pafupifupi ma lux 3 (foot-candle ndi lux ndi miyezo ya kuwala kofika pamalo). Poyeza pamafunika lux meter yeniyeni, kachipangizo koyezera kuwala, chifukwa mapulogalamu a pafoni amanama kukakhala mdima. Mtunda woimapo umapezeka chonchi: chulukitsani kukula kwa chikwangwani m'masikweya mita ndi 100, kenako pezani square root, nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka yankho mwapezalo. Cha mamita 3 m'litali ndi 3 m'lifupi ndi masikweya mita 9, kuchulukitsa ndi 100 ndi 900, ndiye muima mamita 30 kutsogolo kwake. Yezani kutada ndithu, lux meter italoza chikwangwani ndipo ili pachoimikira kuti isagwedere. Werengani kawiri: chikwangwani chitazimitsidwa, kenako chikuonetsa zoyera zokhazokha, chifukwa choyera ndiye chowala kuposa mitundu yonse. Kusiyana kukapitirira ma lux 3, chanyanya.

Kuyeza kumeneku kumafuna mwini chikwangwani alipo, nchifukwa chake nkhaniyi ipite ku khonsolo ya mzinda, imene imapereka zilolezo za zikwangwani, komanso ku Roads Authority ngati chili m'mbali mwa msewu waukulu. Lembani kalata yotchula malo, ola, ndi mbali imene mumachokera. Muonenso ngati vutoli limakula magetsi akangoyaka atazima. Makina ena akadzuka amayamba ndi kuwala konse mpaka wina atawakonza, ndipo dziko la kuthimathima kwa magetsi ngati lathu lino zimenezi zikhoza kuchitika kangapo pa sabata. Katswiri wake akhoza kusintha kuti azidzuka ali otsika. Ife timaona kuti khonsolo isamapereke chilolezo kwa aliyense amene sanaonetse zimenezi.

FUNSO: Bwanji amaletsa kuti uthenga uzisintha msangamsanga? Wophunzira wa ku Zomba

YANKHO: Chilichonse chosintha chimakoka diso, munthu afune asafune. Kafukufuku wa ku America wa mu 2006 anapeza kuti kuchotsa maso pamsewu kopitirira masekondi awiri kumawirikiza kawiri mpata wa ngozi. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, masekondi awiri ndi mamita 33. Mu 2007 bungwe la boma la America loona za misewu ikuluikulu, Federal Highway Administration, linalangiza kuti uthenga uzikhala masekondi 4 mpaka 10, makamaka 8, kusintha kwake kutenge sekondi imodzi kapena awiri, ndipo makina akasokonekera chithunzi chiime malo amodzi. Mizinda yambiri imaletsanso kudula uthenga pawiri, funso pa chithunzi choyamba yankho pa chachiwiri, chifukwa dalaivala amakhala akudikira mapeto ake maso ali m'mwamba.