Delica D:5 ya petulo kapena ya dizilo: yankho kwa bambo wa banja lalikulu

Bambo wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo yofunsa malangizo pa galimoto yomwe akufuna kuitanitsa kuchokera ku Japan. Mwachidule, iwo ali ndi ana asanu, apongozi awo akukhala nawo pakhomo, ndipo galimoto yaing'ono yomwe ali nayo siikuwakwananso. Maso awo ali pa Mitsubishi Delica D:5, ndipo aona ziwiri: ya petulo ya chaka cha 2012 ndi ya dizilo ya chaka cha 2014, yomwe mtengo wake ndi wokwererapo kwambiri. Amakhala ku Area 25, amagwira ntchito ku City Centre, m'mawa amatula ana kusukulu, ndipo kumudzi ku Mzimba amapitako katatu kapena kanayi pa chaka. Anzawo awauza kuti dizilo ndiye wolimba komanso samwa mafuta, choncho akufuna kudziwa ngati kuli koyenera kuwonjezera ndalamazo.

Bambo, malinga ndi kayendedwe kamene mwafotokoza, ine ndikanatenga ya petulo. Anzanuwo sananame, koma dizilo amene iwo akumudziwa si amene ali mu galimoto mukufuna kugulayi.

Mbiri yabwino ya dizilo kuno kwathu inachokera ku injini zakale monga 3L ndi 5L za m'maminibasi a Hiace, 1HZ ya Land Cruiser, ndi 4M40 yomwe inali mu Pajero komanso mu Delica yakale yotchedwa Space Gear. Injini zimenezo zinali ndi pampu yosavuta kumvetsa, sizinkadalira kwenikweni kompyuta, zinkapirira mafuta akuda, ndipo makaniko wodziwa ntchito ankatha kuzimasula ndi kuzimanganso pansi pa mtengo. Injini ya dizilo ya mu Delica D:5, yotchedwa 4N14, ndi ya mtundu wina. Inayamba kugulitsidwa ku Japan kumayambiriro kwa chaka cha 2013, patadutsa zaka zisanu ndi chimodzi galimotoyi ikupangidwa ya petulo yokhayokha, ndipo inakonzedwa kuti ikwaniritse malamulo okhwima a dzikolo okhudza utsi. Pachifukwachi ili ndi turbo, mainjekita oyendetsedwa ndi kompyuta omwe amafaira mafuta mwamphamvu kwambiri kudzera m'timabowo tosaoneka bwino ndi maso, komanso sefa ya mwaye ya mu ekizozi yotchedwa DPF.

Ubwino wake ndi weniweni ndipo sindikufuna kuuchepetsa. Injini ya petulo ya 4B12, ya malita 2.4, imatulutsa mahatchi 170, pamene ya dizilo, ya malita 2.2, imatulutsa mahatchi 148 okha. Koma pa galimoto yolemera pafupifupi matani awiri isananyamule munthu, chofunika kwambiri ndi mphamvu yokoka, ndipo pamenepa ya dizilo ili ndi 360 Nm yomwe imabwera injini ikulira pansi, pamene ya petulo ili ndi 226 Nm yomwe imafika pokhapokha injini itazungulira maulendo oposa 4,000 pa mphindi. Mukadzaza anthu asanu ndi atatu, matumba a chimanga ndi katundu wa ana, n'kuyamba kukwera mitunda ya ku Chikangawa kapena ya ku Chiweta, kusiyanaku mudzakumva ndi phazi lanu. Palinso nkhani ya kukwera kwa malo. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi pa magawo zana pa mamita zana aliwonse amene mwakwera, chifukwa mpweya umapepuka, ndipo Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Turbo imabwezeretsa mbali yaikulu ya mphamvu yotayikayo pokankhira mpweya wambiri mu injini.

Vuto lili pa sefa ya mwaye ija, ndipo apa ndi pamene yankho langa latsamira. Sefayi imakola mwaye wa mu utsi, ndipo ikayamba kudzaza, kompyuta imawonjezera dizilo mu injini kuti ekizozi itenthe mpaka madigiri pafupifupi 600, mwayewo upse. Kuti zimenezi zitheke, injini iyenera kukhala itatentha bwinobwino ndipo galimoto iyende kwa mphindi zingapo osaimaima. Tsopano taganizirani za ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku: mumadzutsa injini yozizira, mumaima pageti la sukulu, mumalowa mumdipiti wa magalimoto, ndipo musanapite patali mwafika kuntchito n'kuzimitsa. Kuwotcha mwaye kumayambika koma sikufika pamapeto, mawa lake kumayambanso n'kudukizanso. Dizilo wowonjezera uja, amene sanapse yense, amatsetsereka m'mbali mwa mapisitoni n'kukasakanikirana ndi oyilo, moti oyilo m'malo mochepa amachuluka, koma akuchuluka ali wosungunuka wosatha kuteteza zitsulo. N'chifukwa chake kachitsulo koyezera oyilo ka injini imeneyi kali ndi chizindikiro cha X pamwamba pa mzere wa kudzaza, ndipo oyilo akafika pamenepo ayenera kukhuthulidwa ngakhale nthawi ya sevisi isanakwane. Maulendo anayi a ku Mzimba pa chaka sangachotse mwaye wa miyezi yonse ya m'tauni. Mukanakhala munthu woyenda pa msewu wa M1 sabata iliyonse, nkhani ikanakhala ina.

Oyilo wakenso si aliyense. Injini za dizilo za magalimoto aang'ono a ku Japan zokhala ndi sefa imeneyi zimafuna oyilo wa phulusa lochepa, amene pachigubu pake pamalembedwa kuti DL-1. Oyilo wamba wa malole, yemwe amapezeka paliponse ndipo amakaniko ambiri amamuthira mu injini iliyonse ya dizilo mosaganizira kawiri, amasiya phulusa mu sefa, ndipo phulusa silipsa ngati mwaye. Limangounjikana mpaka sefa itatsekeka. Ambiri zikafika pamenepa amaboola sefayo kapena kuichotseratu n'kusintha pulogalamu ya kompyuta. Galimoto imayendadi, koma mumakhala mwalipira ndalama zambiri pogula injini yoyera kenako mwalipiranso kuti iyambe kufuka utsi wakuda, utsi umene ana anu omwe adzaupume mukamawatula pageti. Ntchitoyo ikagwiridwa ndi munthu wongoyesa, nyali za pa dashibodi sizizima ndipo injini imakana kukoka.

Chachiwiri ndi mafuta enieniwo. Ku Japan dizilo amakhala ndi sufule wosapitirira magawo 10 pa miliyoni, ndipo injiniyi inapangidwira mafuta otero. Dziko lathu linasamukira ku dizilo wa magawo 50 pa miliyoni cha m'ma 2017, zomwe zinathandiza kwambiri, ndipo dizilo wa pamalo omwetsera mafuta odalirika injiniyi imamulandira. Chimene ndimaopa ndi nyengo ya kusowa kwa mafuta, monga tinaonera m'zaka za 2022 ndi 2024, pamene munthu wotopa ndi mzere amakagula mafuta a m'zigubu kwa mavenda. Mafuta otere nthawi zina amakhala ndi madzi, fumbi, kapena parafini. Injini ya petulo ikamwa mafuta oipa imatsokomola, mumasintha mapulagi ndi sefa ya mafuta, mwina ndi pampu ya mu thanki, n'kupitiriza ulendo. Pampu ndi mainjekita a dizilo wamakono amadalira mafutawo kuti aziterera, choncho madzi kapena parafini akalowamo zitsulo zimakhulana, tizidutswa take n'kufalikira m'njira yonse ya mafuta, ndipo kukonza kwake kumafuna kusintha zipangizo zingapo nthawi imodzi, zambiri zochita kuitanitsa kunja.

Tibwere ku nkhani ya kumwa mafuta, yomwe ndi imene yakukopani. N'zoona kuti ya dizilo imamwa pang'ono, chifukwa lita imodzi ya dizilo ili ndi mphamvu zambiri kuposa lita ya petulo ndipo injini yake imagwiritsa bwino ntchito mphamvuzo. Petulo wathunso amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene mphamvu yake pa lita ndi yocheperapo. Komabe tiyeni tiwerengetsere ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti mumayenda makilomita 12,000 pa chaka, ya petulo ikuyenda makilomita 9 pa lita ndipo ya dizilo makilomita 12. Ya petulo idzamwa malita 1,333, ya dizilo malita 1,000, kusiyana kwake malita 333 pa chaka. Chulukitsani malita amenewo ndi mtengo wa lero, kenako muone kuti padzatenga zaka zingati kuti ndalama zopulumutsidwazo zifanane ndi zimene mwawonjezera pogula galimoto, osaiwala oyilo wodula ndi sefa ya mafuta yosintha pafupipafupi. Ku Japan munthu amapindula kawiri chifukwa dizilo ndi wotsika mtengo kuposa petulo pampopi. Kwathu kuno phindu lachiwirili musalidalire: pamene bungwe la MERA linakweza mitengo mu Novembala 2023, petulo anafika pa K2,530 pa lita pamene dizilo anafika pa K2,734. Musanatumize ndalama, funsaninso wokuthandizani kuombola galimoto kuti akuwerengereni msonkho wa MRA wa galimoto zonse ziwiri, popeza zaka za galimoto ndi kukula kwa injini zimasintha msonkhowo.

Sindikufuna kuti muganize kuti ya petulo ilibe chilema. Injini ya 4B12 payokha ndi yodalirika, imayendera tcheni osati lamba, ndipo popeza ndi yomwe ilinso mu Outlander, zipangizo zake sizivuta kwambiri kupeza. Chofooka chake ndi giyabokosi. Ya petulo ili ndi giyabokosi ya CVT, yomwe m'malo mwa magiya a mano imagwiritsa ntchito lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri, pamene ya dizilo ya 2014 ili ndi giyabokosi wamba ya otomatiki ya magiya asanu ndi limodzi, yomwe imapirira katundu bwino. CVT imadana ndi kutentha. Kukwera mtunda wautali mutadzaza, kupalasa matayala m'matope, kapena kukoka ngolo kumatenthetsa oyilo wake, ndipo galimoto imayatsa chenjezo n'kuchepetsa mphamvu kuti idziteteze. Zikatero imani pambali, injini izilira, mpaka chenjezo litazima. Oyilo wa giyabokosiyi ayenera kukhala wa CVT weniweni wogwirizana ndi Mitsubishi, osati wa otomatiki wamba, ndipo ndikulangizani kuti mumusinthe galimoto ikangofika, chifukwa simungadziwe kuti mwini wake woyamba anamusintha liti. Kumbukiraninso kuti galimoto yolowera ku Dar es Salaam imakhala itayenda kale ulendo wautali kudzafika pachipata cha Songwe m'manja mwa dalaivala amene sakuisamala ngati yake.

Pali kanthu kena koyenera kuonetsetsa pa pepala la galimoto ya petuloyo. Delica D:5 ya dizilo ya zaka zimenezi ndi yokoka matayala onse anayi basi, koma za petulo zilipo zokoka matayala akutsogolo okha, zina mwa izo za injini yaing'ono ya malita 2.0. Poti kumudzi kwanu mumasiya phula n'kulowa msewu wafumbi umene nthawi ya dzinja umaterera, sankhani ya malita 2.4 yokoka matayala onse. Chimene chimasiyanitsa galimotoyi ndi Noah, Voxy kapena Serena ndi kutalika kwake kuchoka pansi, mamilimita 210, ndipo kugula Delica yosakoka matayala onse kuli ngati kugula khasu lopanda mpini. Ngati msewu wa kwanu uli wabwino chaka chonse, Noah kapena Voxy ingakukwanireni pa mtengo wotsikirapo, ndipo pa zimenezo funso lanu silibuka n'komwe chifukwa kuyambira 2001 zakhala zikupangidwa popanda injini ya dizilo.

Mwina mtima wanu wakhazikika kale pa ya dizilo, kapena mukuyembekeza kuti ntchito idzayamba kukutumani ku Blantyre ndi ku Mzuzu kawirikawiri. Ngati zili choncho, musanalipire pezani kaye galaja yomwe ili ndi kompyuta yotha kuwerenga kuchuluka kwa mwaye mu sefa ndi kulamula kuti upse galimoto ili chiimire, ndipo mufunse mwini galajayo ngati anagwirapo injini ya 4N14, osati dizilo wa Mitsubishi chabe. Pezaninso kumene muzigula oyilo wa DL-1 nthawi zonse. Kamodzi pa sabata itulutseni m'tauni, muyende nayo pa liwiro lokhazikika kwa theka la ola, mwachitsanzo pa msewu wa ku Mchinji kapena wa ku Salima, ndipo muziyeza oyilo m'mawa injini isanalire kuti muone ngati sakukwera. Mukadzaona ya dizilo ya 2019 kapena yatsopano kuposa pamenepo, ya nkhope yosinthidwa ndi magiya asanu ndi atatu, dziwani kuti imeneyo ili ndi thanki inanso ya madzi a AdBlue oyeretsa utsi, ndipo madziwo akatheratu kompyuta imakaniza injini kulira mpaka mutathiramo ena.