Kodi jakisoni wochititsa dzanzi angabweretse nyongolotsi mu ubongo?

Funso: Mchimwene wanga anakomoka atabayidwa lidocaine pozula dzino, ndipo atamujambula anamupeza ndi timatumba ta nyongolotsi mu ubongo. Kodi jakisoniyo ndi amene anabweretsa timatumbato?

Yankho: Pepani ndi vutoli, koma jakisoniyo sanabweretse timatumbato. Lidocaine amagonetsa mitsempha kuti isatumize ululu, ngakhale kuti akalowa wochuluka m'magazi angathe kukomola munthu. Timatumbato timachokera ku mazira a nyongolotsi ya nkhumba, Taenia solium, amene munthu amameza m'chakudya kapena m'madzi odetsedwa ndi chimbudzi cha munthu amene ali nayo m'mimba. Bungwe la WHO likuti nyongolotsiyi imayambitsa 30 peresenti ya matenda a khunyu m'madera ambiri kumene yafala. Musamugulire nokha albendazole, mankhwala opha nyongolotsi, chifukwa timatumbato tikamafa ubongo umatupa, ndipo dokotala amapereka mankhwala ena oletsa kutupako.