Kuzungulitsa injini ya njinga yamoto ndi manja musanayilize

Achimwene, mwafunsa za njinga yanu ya 125cc imene yakhala zaka ziwiri osalira, ndipo mukufuna kudziwa ngati injini sinagwire musanadine sitata. Mwaganiza bwino. Sitata imangokankha ngakhale m'kati zinthu zikugundana, pomwe dzanja limamva n'kuima.

Chotsani kiyi, tsekani petulo, masulani waya wa negetivi pa batire. Njinga iime pa sitandi ya pakati, giya pa nyutulo. Kenako chotsani pulagi, koma muyambe mwauzira fumbi lomwe lili m'mbali mwake kuti mchenga usagwere m'silinda. Pulagi ikachoka injini imapepuka, chifukwa mpweya ukutulukira pabowo, komanso singalire mwadzidzidzi n'kukubwezerani sipanala pamkono. Pabowopo thirani oyilo wa injini supuni ya tiyi imodzi, pafupifupi mamililita 5, musiye usiku wonse kuti alowerere m'maring'i a pisitoni. Onaninso oyilo wa pansi. Akaoneka ngati tiyi wothira mkaka ndiye kuti munalowa madzi, mukhetseni kaye.

Tsopano pitani kumanzere kwa injini, ku magineto. Pachivundikiro pamakhala tizotsekera tiwiri: kakakulu pakati, kakang'ono pamwamba poonera chizindikiro cha taiming'i. Mukatsegula kakakuluko muona nati ya flywheel (chitsulo cholemera chimene chimazungulira limodzi ndi injini), kawirikawiri ya 14 kapena 17 mm. Ikanipo sokete yokhala ndi chogwirira cha T, osati ratchet (chogwirira chokoka mbali imodzi yokha), chifukwa masipuling'i a mavavu amakankha injini pamalo ena ndipo imathamanga yokha kusiya sipanala m'mbuyo. Injini zambiri zing'onozing'ono, mukaziyang'ana kumanzereko, zimazungulira mosemphana ndi wotchi, mbali imene tayala limalowera njinga ikamapita kutsogolo. Ngati pa flywheel pali kamuvi kapena muli ndi buku la njingayo, tsatirani zimenezo.

Apa ndiye pofunika maso. Mbali imeneyi ndi yomweyonso imene natiyo imamasukira. Injini ikakhala yomasuka palibe vuto, mphamvu yofunika ndi yochepa. Koma ikakhala yogwira inu n'kukakamiza, chimene chiyende ndi nati, ndipo muziganiza kuti injini yatheka. Kubwerera m'mbuyo nakonso si kwabwino: mumakoka sitata, ndipo tcheni cha taiming'i chikakhala chakutha chimatha kudumpha dzino.

Phimbani bowo la pulagi ndi kansanza, nkhope ikhale kutali, fodya ndi moto zisayandikire. Kabyuleta ikamadontha, petulo amatha kudzadza m'silinda, ndipo amatuluka ngati kasupe pisitoni ikangokwera. Zungulitsani pang'onopang'ono kawiri kathunthu, chifukwa pa injini ya four-stroke crankshaft (shafiti imene mukuzungulitsayo) imazungulira kawiri kuti camshaft (shafiti yotsegula mavavu) izungulire kamodzi, ndiye kamodzi kokha simunayese mavavu onse. Yabwino imayenda mofewa, imalemerako pang'ono potsegula vavu kenako n'kupepuka. Mukatseka bowolo ndi chala chachikulu mumva mpweya ukuchikankha kamodzi pa maulendo awiriwo. Sikuludiraiva musalowetsemo pofuna kumva pisitoni, imakanda silinda.

Ikakana, mvetserani kakanidwe kake. Ikamayenda bwinobwino kenako n'kuima kuti gu! pamalo amodzimodzi, ndiye kuti chitsulo chagunda chitsulo: mwina vavu yakakamira potseguka, mwina taiming'i inasuntha, mwina china chake chinagweramo. Lekani pomwepo, tsegulani chivundikiro cha mavavu muone. Mukaonjezera paipi pa sipanala mupinda vavu. Ikakhala kuti sikusuntha n'komwe kuyambira pachiyambi, nthawi zambiri ndi dzimbiri lagwira maring'i. Thiranimo mafuta omasulira dzimbiri, dikirani masiku awiri kapena atatu, kenako ikani giya yapamwamba n'kumagwedeza tayala lakumbuyo kutsogolo ndi m'mbuyo pang'onopang'ono. Ikakanabe pakatha sabata, chotsani hedi (mutu wa silinda) basi.

Njira ya tayalayi imathandizanso ngati mulibe sokete: giya yapamwamba, tayala lili m'mwamba, gwirani mphira n'kuzungulitsa kutsogolo. Zala zisafike pa tcheni ndi sipuloketi, pamenepo chala chimaduka ngakhale injini ili chete. Pa sikuta ya otomatiki njirayi sigwira, chifukwa kilatchi yake simagwira tayala mukalizungulitsa ndi manja. Kiki nayo mukhoza kuikankha ndi dzanja, osati kuipondereza ndi phazi, pakuti giya zake zimathyoka zikakumana ndi injini yogwira.

Ikayenda bwino, izungulitseni kangapo kuti oyilo afalikire ndipo otsala atuluke, khetsani oyilo wakale wa pansi n'kuthira watsopano, bwezerani tizotsekera ndi ma O-ring (timphira tozungulira) ake. Pulagi muyambe kuimanga ndi zala mpaka ikhale pansi, sipanala ingomaliza, chifukwa hedi ndi ya aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kudyeka. Poyamba kulira itulutsa utsi wabuluu kwa mphindi zingapo, ndi oyilo munathira pabowo uja akupsa.