Khansa yoyambira m'chiwindi: yankho kwa mayi wa ku Katete

Mayi wina wa ku Katete wandilembera imelo. Akuti mlongo wawo wa zaka 38, yemwe mowa salawa n'komwe, wapezeka ndi khansa yoyambira m'chiwindi, ndipo kumudzi akuti anamudyetsa. Akufunsa kuti matendawa achokera kuti, nanga ana angatengere?

Pepani kwambiri mayi. Khansa ina imayambira m'matumbo kapena m'bere, kenako n'kufalikira ku chiwindi. Ya alongo anuyi yabadwira momwemo, ndipo mtundu wofala kwambiri madokotala amautcha hepatocellular carcinoma. Imakonda chiwindi chimene chakhala chikuvulala kwa zaka zambiri. Kachasu amavulaza ndithu, koma kuno kwathu gwero lalikulu ndi kachilombo ka hepatitis B. Ambiri amakatenga pobadwa kapena ali aang'ono, n'kukhala nako zaka 30 osamva kanthu. Pomwe maso ayamba chikasu, mimba kutupa, kumanja pansi pa nthiti kuwawa, matenda amakhala atapita patali. N'chifukwa chake anthu amathamangira kunena za kudyetsedwa, poti munthuyo dzana anali kulima.

Chinanso n'chathuchathu ife a kum'mawa: nshawa. Zosauma bwino, kapena zija timawaza madzi kuti makoko afewe poswa, zimachita chuku chotulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Chimanga cha m'nkhokwe yodontha n'chimodzimodzi. Ndiye taonani zomwe timachita: zonenepa tikagulitsa ku Chipata, zofota ndi zowawa zija tisinja nsinjiro zothira m'chibwabwa cha ana! Kuphika sikuthetsa poizoniyu, ndipo akakumana ndi hepatitis B m'chiwindi chimodzi, ngozi imakula kwambiri.

Khansayo siyopatsirana, koma kachilomboko kamapatsirana kudzera m'magazi ndi kugonana. Afunseni adokotala ngati alongo anu anawayeza hepatitis B. Ngati ali nako, inu, azilongo anu onse, alamu anu ndi ana mukayezetse magazi. Katemera wake analowa pa sikelo muno m'Zambia mu 2005, choncho obadwa kale ambiri sanabayidwe. Wopezeka nako, adokotala akaona kuti m'pofunika, amamupatsa tenofovir, yemwe alinso m'ma ARV, komanso angamuuze kuti azijambulitsa chiwindi miyezi 6 iliyonse.

Chotupa chikadali chaching'ono amatha kuchichotsa ndi opaleshoni. Funsani ngati angawatumize ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Ngati chakula, mankhwala othetsa ululu alipo, musachite manyazi kuwapempha. Zitsamba zosadziwika ndiye ayi mayi, chiwindicho chatopa kale.