Pineapple sage yofota masana siinafe

Amayi a ku Kapata, mwafunsa chifukwa chake pineapple sage yanu, chomera chija cha masamba onunkhira ngati chinanazi, ikufota masana aliwonse mwezi uno wa Okutobala, komanso chifukwa chake siinatulutse duwa chibzalireni. Chonde musaizule.

Chomerachi, chomwe akatswiri amachitcha Salvia elegans, kwawo ndi kumapiri a Mexico ndi Guatemala, m'nkhalango zozizirira bwino zomwe nthaka yake siuma gwa, choncho dzuwa la kuno ku Chipata mvula isanagwe limachiposa mphamvu. Changa ndinachibzala kum'mawa kwa nyumba, pomwe chimaothera dzuwa mpaka cha m'ma 11 koloko, kenako mthunzi wa khoma n'kuchiphimba. Ngakhale pamenepo, ndikalumpha tsiku osathirira, masamba amalendewera ngati nsalu yonyowa, koma ndikathira madzi madzulo, kukacha amakhala atadzuka. Komabe madzi asadikhe pamizu, pakuti imaola msanga. Ngati nthaka yanu ndi katondo wolimba, sakanizaniko mchenga ndi manyowa owolerana bwino, ndipo muphimbire ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde chifukwa umaitana chiswe.

Za maluwa musade nkhawa. Chomerachi chimadikira kuti usiku utalike, ndiye kwa ife maluwa ake ofiira, aatali ngati timachubu, amabwera mvula ikatha, cha mu Meyi ndi Juni. Nthawi imeneyo timbalame tomwa timadzi ta m'maluwa sitichoka pakhomo panga, ndipo kunena zoona n'chifukwa chake ndimachikonda kuposa zomera zina. Nyengo ya mvula muzitsina nsonga kuti chichite nthambi zambiri, popeza chikasiyidwa chimakula kupitirira mita n'kumagwa ndi mphepo, koma pofika Malichi lekani, mungadule pomwe maluwa akanatulukira.

Mvula ikayamba, dulani kanthambi kanthete ka masentimita 10, chotsani masamba a m'munsi, kaikeni m'botolo la madzi pamthunzi. Pakatha milungu iwiri kapena itatu mudzaona timizu toyera, n'kukaokera m'dothi. Ine ndimachita zimenezi chaka chilichonse kuti chachikulu chikauma ndisasowe mbewu.

Masamba anthete ndiwo amanunkhira chinanazi kwambiri mukawafikisa m'manja. Ponyani atatu kapena anayi m'tiyi mutaphula kale pamoto, chifukwa mukawawiritsa fungo lonse limathawa ndi nthunzi.